Masika ndi ana aang'ono: mafunso ndi mayankho pa zoumba, zomata ndi zojambula

Mafunso ali m'munsimu ndi amene alezi a sukulu za mkombaphala, aphunzitsi a sitandade 1 komanso makolo amafunsa kawirikawiri mvula ikangosiya. Oyambirira ndi okhudza aliyense, otsatirawo akulowa m'kapangidwe ka chinthu chilichonse.

Kodi masika amene akunenedwa pano ndi miyezi iti?

Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi, pamene chimanga chauma m'munda, mikukwe yaima, mtedza ukukumbidwa ndipo maungu ali mbwee. Koma zambiri zimene tafotokoza pano zimapitirira m'chisanu, Juni ndi Julayi, mpaka Ogasiti ndi Seputembala pamene mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba.

Funsoli limabwera chifukwa mabuku ambiri a ana ochokera kunja amasonyeza nyengo yokolola ndi yogwa masamba ngati nyengo imodzi. Kwathu kuno sizili choncho. Timayamba takolola, masamba n'kumagwa pambuyo, nthaka ikauma. Ndiye m'Epulo ndi Meyi yang'anani kumunda: mapesi, makoko a chimanga, zitsononkho, makoko a mtedza, chidede, nthanga za maungu. Kuyambira Juni yang'anani kumitengo: masamba ouma, zikhokhombe za malambe, nyemba zouma za chitimbe, za jacaranda ndi za mtengo wa maluwa ofiira uja umapezeka m'misewu ya m'tauni, zimene zimalira ngati maseche mukazigwedeza.

Ana amafunsa chifukwa chake masamba amasintha mtundu n'kugwa. Ndiwayankhe bwanji?

Auzeni zoona, mwachidule. Mtengo umataya madzi kudzera m'masamba. Madzi akachepa m'nthaka, mtengo umataya masamba kuti usunge madzi otsalawo mpaka mvula idzabwere. Tsamba lisanagwe, mtengo umayamba wabweza m'nthambi chakudya chimene chinali m'tsambalo, ndipo chobiriwira chija chimatha. Chachikasu chimene chimaonekacho chinalimo kale, chinangophimbika.

Kufiira kwa mitengo yotchedwa mombo ndi tsamba kumene timaona m'mapiri cha mu Ogasiti ndi Seputembala ndi nkhani ina. Amenewo si masamba akufa, ndi masamba atsopano amene sanayambe kubiriwira. Ngati pali mtengo wotere pafupi, mangani kansalu pa nthambi imodzi yotsika, muzipita nawo anawo kamodzi pa sabata kukaiona. Pakangotha masabata ochepa adzaona okha chofiira chitasanduka chobiriwira, ndipo zimenezo sadzaiwala ngati mmene amaiwalira zongouzidwa.

Ndikufunika kugula chiyani?

Pafupifupi palibe. Makatoni akale ochokera kugolosale, mapepala olembedwa mbali imodzi, nyuzipepala zakale, zitsekerero za mabotolo zoikamo utoto, luzi kapena ulusi wa khonje. Ngati pali kandalama, gulani chekeni ndi sopo wosamba m'manja. Sizasi ndi mpeni zikhale za wamkulu yekha.

Burashi musagule. Dulani kamtengo kauwisi kotalika ngati chala, kenako sasanthani nsonga yake ndi mwala mpaka ichite ulusi. Nthenga ya nkhuku yotsuka ndi sopo imalemba mizere yopyapyala, chitsononkho chimadinda timadontho mukachigubuduza papepala.

Mawu amodzi okhudza chakudya. Sitilimbikitsa kumata nyemba, mpunga kapena chimanga papepala, makamaka kusukulu kumene ana ena amabwera asanadye kanthu. Makoko, mapesi ndi mbewu za kutchire zimakwanira.

Ndi zomera ziti zimene ana asamagwire?

Yankho ili muliwerenge musanatuluke ndi ana.

Chitedze chimakhwima nthawi yomweyi. Nyemba zake zili ndi ubweya umene umayabwa koopsa, ndipo umauluka ndi mphepo ngakhale mwana asanazikhudze. Ukamugwera, asakande. Muvuleni zovala, chotsani ubweyawo pomata selotepi pakhungu n'kumatula, kenako mumusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri.

Nkhadze, imene anthu amadzala ngati mpanda, ili ndi utomoni woyera umene umaotcha maso. Ukalowa m'diso, thirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, kenako pitani kuchipatala. Lamulo losavuta kwa ana nali: chomera chilichonse chotuluka mkaka mukachithyola, chisiyeni.

Mbewu za nsatsi ndi zokongola, za mawangamawanga ngati nyemba, koma zili ndi poizoni wakupha mwana akazitafuna. N'chimodzimodzi timbewu tofiira kwambiri tokhala ndi kadontho kakuda, tomwe timabala pa chomera choyanga. Mbewu za jatropha, kamtengo kamene nakonso anthu amadzala ngati mpanda, nazo zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba kwambiri, ndipo ana amazidya chifukwa zimakoma ngati mtedza. Zipatso zosapsa za lantana, chitsamba cha timaluwa tamitundumitundu, ndi zoopsanso. Mwana akameza chilichonse mwa izi, musamukakamize kusanza ndipo musadikire kuti ayambe kudwala. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula mbewuyo kuti akaione.

Pali zinanso zimene si za kutchire koma ndi zoopsa: mbewu ya chimanga yogula m'sitolo yopakidwa utoto, chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, ndi mtedza kapena chimanga chochita chuku. Zonsezi zisafike m'manja mwa ana.

Pomaliza, milu ya masamba, ya mapesi ndi mikukwe imabisa njoka ndi zinkhanira. Wamkulu ayambe watakasa muluwo ndi ndodo yaitali, ana ali patali. Mwana asapise dzanja m'dzenje, m'phanga la mtengo kapena pansi pa mwala.

Mwana angayambe zimenezi ali ndi zaka zingati?

Wa zaka 2 angathe kutola masamba akuluakulu, kuwang'amba, kukanya dongo ndi kudinda chikhato chake. Asapatsidwe kanthu kakang'ono. Muyeso wake ndi uwu: chilichonse chimene chingadutse m'kachubu ka katoni ka pakati pa tishu n'chotheka kumutsamwa mwana wosakwana zaka 3.

Wa zaka 3 ndi 4 amasankhula zinthu m'magulu, amamata, amadinda masamba. Wa zaka 5 ndi 6 amatha kumanga mfundo, kutunga mikanda ya mbewu zoboola kale ndi kutsatira masitepe atatu kapena anayi.

Ana a zaka 2 mpaka 4 amakonda kulowetsa mbewu m'mphuno ndi m'khutu. Zikachitika musatokose ndi kamtengo, mumangoikankhira m'kati. Musathirenso madzi, chifukwa mbewu ikanyowa imafufuma n'kukanirira. Achotse ndi achipatala.

Guluu ndi wodula. Tingamate ndi chiyani?

Phala la chinangwa. Tengani supuni yaikulu imodzi ya kondoole wosefa bwino, muisungunule m'kapu imodzi ya madzi ozizira mpaka mibulu itatha. Ikani pamoto wochepa, muzitakasa osasiya. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi phalalo limasintha, kuyera kuja kumatha n'kuyamba kunanda ndi kuoneka ngati galasi. Tsitsani, thiranimo theka la supuni yaing'ono ya mchere, lizizire. Likalimba kwambiri onjezerani madzi otentha pang'onopang'ono.

Fulawa nayenso amamata: gawo limodzi la fulawa, magawo anayi a madzi, kuphika chimodzimodzi. Ufa wa chimanga sumata bwino, ukauma umangoyoyoka.

Zimene zimalakwika ndi zitatu. Mukathira ufa m'madzi otentha kale, umachita mibulu yosatheka kuiphwanya. Ana akapaka phala lochuluka, pepala limakwinyika ndipo tsamba limaterereka. Aphunzitseni kupaka ndi chala chimodzi, pang'ono. Ndipo phalali limasasa pakatha masiku awiri kapena atatu, choncho phikani lokwanira tsikulo. Silingagwire zinthu zolemera ngati timiyala kapena nyemba zazikulu zouma. Zoterozo zikanikizeni m'dongo kapena muzimange ndi luzi pobowola katoni.

Masamba athu amafota n'kuphwanyika tisanawagwiritse ntchito. Tikulakwitsa pati?

Mukutola ouma kale, kapena mukuwasiya pamtunda. Tsamba louma lokha limapindika, ndiye mukalikanikiza limasweka. Tolani amene angogwa kumene, achikasu koma ofewa, kapena thyolani ochepa obiriwira. Apukuteni fumbi, muwayale pakati pa nyuzipepala osasanjikizana, muike katoni pamwamba, kenako njerwa zitatu kapena zinayi. Pakatha masiku awiri sinthani nyuzipepalazo chifukwa zimakhala zitamwa chinyezi. Masamba opyapyala amauma pa sabata imodzi, okhuthala ngati a mango amafuna masabata awiri.

M'madera a chiperoni ngati Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, m'Juni ndi Julayi masamba amachedwa kuuma ndipo amachita chuku. Kumeneko sinthani mapepala tsiku lililonse kwa masiku anayi oyamba, ndipo muluwo usakhale pansi pa simenti, ukhale pa thabwa.

Masamba a chitimbe ndi abwino kwambiri kwa ana chifukwa ali ndi mbali ziwiri zofanana ngati mapiko a gulugufe. A chinangwa amaoneka ngati dzanja. A papaya ndi aakulu kwambiri, amafota msanga ndipo phesi lake limatuluka utomoni, ndiye asiyeni.

Kodi kujambula tsamba pokhutiza chekeni kumachitika bwanji? Kwa ife sikuoneka kanthu.

Tsamba liikidwe chagada, mbali ya mitsempha ili m'mwamba. Pansi pake pakhale posalala ndi polimba, osati pamphasa, apo ayi mujambula mphasayo. Pepala loika pamwamba pa tsambalo likhale lopyapyala. La m'kope ndi labwino, katoni siyingatheke. Chotsani kapepala kokutira chekeni, mwana achigoneke cham'mbali n'kumakhutiza mbali imodzi yokha, osati kupita ndi kubwerera. Vuto lalikulu ndi loti pepala limasuntha, chithunzi n'kuchita ziwiriziwiri. Mwana mmodzi agwire ngodya za pepala pamene mnzake akukhutiza, kenako asinthane. Khala la moto limagwiranso ntchito koma limafufutika likakhudzidwa.

Podinda ndi utoto, pakani mbali yomweyo ya mitsempha, mopyapyala. Ikani tsambalo papepala, vindikirani ndi nyuzipepala, kanikizani ndi chikhato, kenako nyamulani pogwira kaphesi kake. Utoto ukachuluka mumangopeza chibanthu chopanda mizere. Apa masamba auwisi ndi amene amafunika, osati oumitsa aja.

Nanga utoto tiupeza kuti?

Wofiirira umachokera ku katondo. Uumitseni, mupere, musefe ndi kansalu kapena sefa, kenako sakanizani supuni ziwiri za dothilo ndi supuni imodzi ya phala la chinangwa lija ndi madzi pang'ono. Mukapanda kuikamo phala, utotowo ukauma umagwa ngati fumbi. Wakuda ndi makala opera, osakaniza mwanjira yomweyo. Mtsiro wozirira nyumba umapereka mitundu ina malinga ndi dera.

Wachikasu chodera: makoko ouma a anyezi odzaza manja awiri, kuwiritsa m'makapu awiri a madzi mpaka atsale kapu imodzi. Nthanga ya peyala yoduladula ikawiritsidwa kwa nthawi imapereka mtundu wofiirira motuwa.

Koma wosangalatsa kuposa onse ndi wa chidede. Wiritsani dzanja limodzi la zikhokho zake zofiira zija m'makapu awiri a madzi mpaka atsale theka. Madziwo akazizira agaweni m'makapu atatu. Yoyamba isiyeni. M'yachiwiri finyirani ndimu, muona kufiira kukuwala. M'yachitatu thirani kasoda wophikira pang'ono, wongotapa ndi nsonga ya supuni, ndipo madziwo achita thovu n'kuda, kusanduka obiriwira motuwa. Musawauze anawo zimene zichitike; afunseni kaye kuti akuganiza bwanji. Chidulo chimasinthanso mtunduwo, koma ndi chaukali m'maso, ndiye soda ndi amene ali bwino. Auzeninso kuti kapu ya sodayo si yakumwa, poti ambiri amachidziwa chidede ngati chakumwa.

Utoto wa zomera ndi wamadzimadzi ndipo umasuluka padzuwa pakapita masabata ochepa. Wa dothi ndi wa makala susuluka.

Chidole cha makoko a chimanga chimapangidwa bwanji? Nanga za mapesi?

Sankhani makoko asanu ndi limodzi a m'kati, oyera, opanda chuku. Aviikeni m'madzi kwa mphindi 10 kuti afewe. Ouma amang'ambika mukawapinda. Sanjikizani anayi, mumange ndi luzi chala chimodzi kuchokera kunsonga. Tembenuzani makokowo kuti akutire mfundoyo, mumangenso pansi pake: mutu ndi umenewo. Pindani khoko lachisanu ngati ndudu, mumange nsonga zonse ziwiri, mulilowetse mopingasa pansi pa khosi kuti likhale manja, kenako mangani m'chiuno. Lachisanu ndi chimodzi ling'ambeni pakati mulipingase pamapewa. Mukasiya m'munsimo ndi siketi, mukagawa pawiri n'kumanga ndi miyendo. Ndevu za chimanga ndi tsitsi.

Mangani mfundo zolimba kuposa mmene mukuganizira, chifukwa makoko akamauma amanyala ndipo manja amasololoka. Ana a zaka 3 ndi 4 sangathe kumanga. Iwo asankhe makoko, agwirizire pomanga, ajambule nkhope ndi khala.

Mapesi ndi amene ana akumudzi amapangira magalasi a m'maso, galimoto ndi tinyumba kuyambira kalekale. Khungu lakunja limasendedwa m'timizere, chofewa cha m'kati chimadulidwa m'timapisi, ndipo timizereto timabayidwa m'timapisimo ngati misomali. Khungulo ndi lakuthwa ngati lezala, ndiye wosenda akhale wamkulu kapena mwana wa zaka 8 kupita m'tsogolo. Ngati pali agogo kapena ana a kupulayimale odziwa luso limeneli, aitaneni adzaonetse. Amalidziwa kuposa mmene tingalembere pano.

Ng'ombe zathu zadongo zimang'aluka zikauma. Chifukwa chiyani?

Kawirikawiri ndi dzuwa. Kunja kukauma msanga m'kati muli mofewa, dongo limang'ambika. Umitsani pamthunzi, pamalo opanda mphepo yambiri, kwa masiku atatu mpaka sabata, ndipo tsiku loyamba vindikirani ndi masamba a nthochi.

Chachiwiri ndi dongolo. Liyeseni motere: pangani kansoseji konenepa ngati chala, mukakulunge pa chala chanu. Kakathyoka, muli mchenga wambiri. Kakapindika bwino koma n'kumamatirira m'manja, ndi lonona kwambiri ndipo lidzanyala pouma; onjezerani dzanja limodzi la mchenga wosefa kapena phale lopera pa manja anayi a dongo. Chotsani timiyala ndi mizu, mukanye mpaka lifanane ponse. La kudambo kapena la pachulu ndi limene limaumbika bwino, ndipo amayi oumba mbiya amadziwa pokumba. Kukumbako kukhale kwa akuluakulu, chifukwa maenje a dongo amagumuka.

Chachitatu, miyendo ndi nyanga zongomatika pamwamba zimagwa. Mwana azikoke kuchokera m'thupi lomwelo, kapena alowetse kamtengo m'kati. Kwa ana ochepa msinkhu yambani ndi chophweka: chimkate chadongo chokhuthala ngati chala chachikulu, akanikizepo tsamba kapena chitsononkho n'kuchotsa kuti chidindo chitsale.

Ndili ndi ana 40 ndipo alezi tilipo awiri. Zingatheke?

Zingatheke mukapanda kuchititsa onse chinthu chimodzi nthawi imodzi. Gawani ana m'magulu asanu a ana 8. Magulu atatu akhale pa ntchito zosafuna wamkulu pafupi: kusankhula masamba aakulu ndi aang'ono, kuyala timitengo ndi makoko pamchenga kuti apange nyumba kapena nkhope, kukanya dongo. Awiri otsalawo akhale pa utoto ndi zomata, gulu lililonse ndi mlezi wake. Sinthanani pakatha mphindi 15 kapena 20. Kupyola apo ana a msinkhu uwu amayamba kuponyerana zinthu. Sikofunika kuti gulu lililonse lifike paliponse tsiku lomwelo.

Pokatola zinthu, mlezi mmodzi atsogole, wina atsalire m'mbuyo, ndipo muwerenge ana ponyamuka ndi pobwerera. Njirayo muiyende nokha dzulo lake kuti muone zimene tatchula pa funso la zomera zoopsa. M'chisanu tulukani cha m'ma 9 koloko, kutafunda. Apatseni ntchito yodziwika, monga "aliyense apeze masamba atatu osafanana", osati kungoti "tolani masamba". Pobwera onse asambe m'manja ndi sopo asanalandire phala.

Zimene mwana wanga wapanga sizioneka ngati kanthu. Ndimukonzere?

Ayi. Ili ndi vuto limene timaliona kwambiri: mapepala 40 ofanana ndendende atapachikidwa pakhoma, umboni woti anapanga ndi mlezi. Mwana wa zaka 3 akamang'amba tsamba, kutsina dongo ndi kutola kambewu ndi zala ziwiri, akulimbitsa zala zomwezo zimene adzagwirire pensulo. Akamasanja tsamba, mwala, tsamba, mwala, wayamba masamu. Mukamulanda kuti muwongole, phindu lonselo lapita kwa inu.

M'malo mofunsa kuti "n'chiyani chimenechi?", nenani kuti "tandiuza za chimene wapangachi", ndipo mulembe mawu ake pansi pa pepalalo mmene wanenera. Tchulani mayina enieni a mitengo: mlombwa, mkuyu, mbawa, msuku, bwemba. Ana ambiri a m'tauni amangodziwa mawu akuti mtengo, ndipo mayinawa sadzawamva kwina mukapanda kuwatchula inu.

Kodi mbewu zimene tatola tingadzale?

Inde. Kuti ana aone muzu ukutuluka, dulani botolo lapulasitiki loonekera m'kati, muikemo nyuzipepala yonyowa, mulowetse nyemba ziwiri pakati pa pepala ndi botolo. Apa nyemba ziwiri sizikuwonongeka, zikumera. Muzu umaoneka pakatha masiku atatu mpaka asanu, koma m'Juni kukazizira umachedwerapo. Pepala likhale lonyowa chabe. Madzi akaima pansi nyembazo zimaola.

Mbewu za mitengo zisungeni zouma m'envulopu, mudzafese m'machubu cha mu Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande zidzakhale zokonzeka pa nyengo yodzala mitengo, imene ku Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Za khungu lolimba ngati bwemba ndi malambe zimamera msanga mukazipala pang'ono pamwala n'kuziviika usiku wonse.

Tili ku UK kapena ku South Africa. Zimenezi zikutikhudza?

Kumata, kudinda ndi kuumitsa masamba n'chimodzimodzi. Ku Johannesburg masamba amagwa m'Epulo ndi Meyi, nthawi yofanana ndi masika a kwathu. Ku UK ndi Seputembala mpaka Novembala, ndipo kumeneko mitengo imayoyola chifukwa cha kufupika kwa masana ndi kuzizira, osati chilala. Masamba ake amakhala onyowa, ndiye apukuteni musanawapanikize, ndipo musawaumitse pa hita chifukwa amapindika. Mbewu zonyezimira zimene ana a kumeneko amazitcha conkers n'zoseweretsa, sizidyedwa. Zipatso zofiira za mtengo wa yew zili ndi mbewu yapoizoni, ndipo bowa wa m'mapaki musamuyerekeze ndi wa kwathu.

Tingasunge bwanji zinthuzi kuti zifike teremu yamawa?

Tolani zochuluka moto wolusa usanayambe, chifukwa pofika Ogasiti tchire lambiri limakhala litapsa ndipo mapesi ziweto zadya. Yanikani chilichonse padzuwa masiku awiri kapena atatu. Ikani m'makatoni kapena m'matumba a saka, osati m'majumbo, poti jumbo imasunga chinyezi. Pachikani kudenga kapena ikani pa thandala, kutali ndi khoma, kuti chiswe ndi makoswe asafike. Zomata ndi phala la chinangwa zimaitana nyerere ndi mphemvu, choncho zipachikeni pachingwe m'malo mozisanjikiza, ndipo ana azitengere kwawo pakatha sabata kapena awiri. Dongo lotsala likulungeni m'nsalu yonyowa ndi pulasitiki; likauma liphwanyeni, muliviike usiku umodzi, mukanyenso. Tsegulani makatoniwo kamodzi pa mwezi, mukhuthulire panja musanapise dzanja, ndipo chilichonse chochita chuku muchitaye.